Thumba la Munthu Woyenda Pansi

Ine ndine Petronela, telala wa pamsika wa Ndirande. Makasitomala ovuta ndawaona amitundumitundu, ngakhale aja obwera ndi nsalu Lachisanu madzulo kufuna diresi Loweruka m'mawa, koma palibe amene anandiumitsa pakhosi ngati amalume anga enieni, a Laurenti a ku Machinjiri.

A Laurenti ndi alongo awo a malemu mayi athu. Mayi atatisiya, ndi iwowo anatitenga ine ndi mng'ono wanga Olive n'kutilera mpaka kukula. Ndiye mwa mwambo wa kwathu ku Phalombe, mwini mbumba ndi iwo. Akapanda kugwedeza mutu palibe chinkhoswe, palibe ukwati, ngakhale mutaitana abusa atatu. Munthu wabwino mtima, zimenezo sindikana, koma akanena kuti ayi mungolongedza katundu wanu muzipita.

Amalumewa sakwera galimoto. Kalekale akugwira ntchito kufakitale ku Makata, minibasi inawagunda akuwoloka msewu n'kuwaponya m'ngalande, ndipo dalaivala sanaime n'komwe. Mwendo wakumanzere unapola mokhota, moti mpaka lero amayenda chopendekera. Kuyambira nthawi imeneyo anthu a dziko lino anawagawa pawiri: oyenda pansi, omwe ndi anthu, ndi a m'galimoto, omwe amati Mulungu yekha ndiye akudziwa chomwe ali. Akafuna kundiona amanyamuka ku Machinjiri wapansi, kudutsa m'minda ndi m'tinjira tachidule, mpaka kufika pashopu panga fumbi lili m'maondo.

Tsono Olive, mwa anyamata onse a mu Blantyre muno, anakakonda wa galimoto. Dzina lake Maziko, wa ku Chilomoni, ntchito yake yokonza mafiriji. Mnyamata wofatsa, wopereka moni ndi manja awiri, woimba kwaya. Anali atangoitanitsa kagalimoto kogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan, koti azinyamulira zida zake.

Tsiku lokaonekera kwa amalume litayandikira ndinamulangiza ngati mwana wanga. Ndinati galimotoyo aisiye kwa ine, akwere minibasi, atsikire patali, nsapato azipake fumbi, akafike ngati munthu. Anavomera bwinobwino. Koma kutacha kunagwa mvula, amalume ake omuperekeza ndi okalamba, basi anangoliza injini mpaka pakhomo penipeni pa a Laurenti. Nditaiona ikukhota pamtengo wa mapeyala ndinangogwira m'mutu.

Alendo atakhala pansi, moni atatha, amalume anasuzumira pazenera.

"Ndiye ndinu a galimoto," anatero.

"Eya bambo, kantchito chabe," anayankha Maziko.

"Ndamva kuti masiku ano munaikamo mapilo m'katimo. Mukagunda munthu, pilo amatuluka kukugwirani nkhope kuti mungakandike. Uja wagundidwayo pilo wake ndi phula."

Apa munthu wanzeru akanangoti, "Zoona bambo, dziko laipa," nkhani n'kupitirira. Koma Maziko nkhope inawala ngati wafunsidwa funso lomwe analiwerenga dzulo.

"Ayi bambo, yangayi ili ndi thumba la wakunjanso."

"La ndani?"

"La munthu woyenda pansi. Kubampala kutsogoloku kuli tizida tomwe timamva galimoto ikagunda miyendo ya munthu. Nthawi yomweyo thumba la mpweya limafufuma kunja, pamene boneti yakumana ndi galasi, n'kuphimba malo olimbawo. Paja munthu akagundidwa amagwera paboneti, mutu n'kukamenya pamenepo. Ndiye m'malo mwa chitsulo ndi galasi, mutuwo umapeza thumba."

Amalume anatenga ndodo yawo n'kuimirira.

"Tiyeni mukandionetse."

Tonse tinatuluka mvula ikuwazabe. Maziko anatsegula boneti n'kuloza kachivindikiro kakuda kotalika m'munsi mwa galasi. Amalume anakagogoda ndi ndodo.

"Ili ndi pulasitiki."

"Thumbalo lili m'kati mwake bambo, lopindidwa. Silituluka pokhapokha pachitike ngozi."

Anatulutsa foni kuwaonetsa kanema wa galimoto ikugunda chidole kwinakwake kunja, thumba loyera n'kufufuma. Amalume anaonera mpaka kumapeto, kenako anabweza foniyo mwaulemu.

"Pafoni ine ndinaonapo mbuzi ikulalikira," anatero.

Titabwerera m'nyumba anagamula mlandu, mawu ali pansipansi monga amachitira akakwiya zenizeni.

"Za galimoto ndikanakukhululukirani, achimwene, poti munthu salakwa kufuna mayendedwe. Koma bodza ayi. Palibe munthu angapange chinthu chosungira yemwe sanagule galimotoyo. Inu mwamva kuti ndine wopunduka, mwabwera ndi nthano yondisangalatsa. Wonama tsiku loyamba pakhomo pa eni, m'banja adzanama zotani? Thumbalo ndilione ndi maso angawa. Apo ayi, Olive akhala."

Olive anakhaladi, koma anakhalira pashopu panga, akulirira pansalu za makasitomala. Kudya osadya, foni osayankha. Ine mtima wanga suchedwa kutentha, ndipo kumuona mng'ono wanga akufota chifukwa cha thumba kunandipweteka kwambiri. Ndinayesa kutuma amayi a kumpingo kukawanyengerera amalume, anabwerako atapatsidwa nzimbe ndi moni basi.

Nzeru inandibwerera ndikuyang'ana Brenda. Brenda ndi chidole changa choonetsera madiresi, chachitali ngati munthu wamkulu, chomwe ndinachipeza kusitolo ina itatsekedwa ku Limbe. Dzanja limodzi alibe, mphuno inasupuka, koma waima pakhomo la shopu yanga zaka zambiri osadandaula. Ndinati ngati a ku Japan amagunda zidole, ife chatiletsa n'chiyani?

Ndinamuitanitsa Maziko n'kumuuza pulani. Brenda timuthira mchenga m'miyendo kuti alemere, timuimika pabwalo la mpira ku Machinjiri, amalume akhala pampando, iyeyo abwera ndi galimoto n'kumugunda. Thumba lituluka, chinkhoswe chichitika.

Maziko anakanda m'mutu. "Alamu, pali vuto limodzi."

"Ualamuwo sunayambe. Nena vutolo."

"Thumba limenelo limafufuma kamodzi kokha. Likatuluka, latha. Ndafunsa m'magalaja kuyambira ku Ginnery mpaka kuno ku Ndirande, palibe amene analionapo, ndiye wolibwezeretsa kuno kulibe."

"Limafufuma kamodzi," ndinatero. "Nanga Olive alipo angati?"

Anayang'ana Olive, yemwe anali pakona maso ali psuu. Anapumira m'mwamba n'kuvomera.

Amalume atamva anati abwera, ndipo mpando adzanyamula okha.

Loweruka lake m'mawa ndinazindikira kuti Brenda sangakaime pabwalo ali mbulanda, pamaso pa akuluakulu a mpingo. Diresi la kasitomala sindikanayerekeza. Ndinatenga buluku lakale lomwe mwini wake analiiwala, chipewa cha mlaza, ndi jekete lofiirira lomwe linali pamsomali. Jeketelo linali la amalume. Analisiya kalekale kuti ndisoke m'kati momwe munang'ambika, ine osapeza mpata. Ena mpaka lero amati ndinachita dala. Anene, pakamwa ndi pawo.

Nkhani ya ku Machinjiri sifuna wailesi. Pofika masana bwalo linali litadzaza. Anyamata a kabaza anaimika njinga zawo mondandalika, amayi a chimanga chootcha anasamutsa mbaula, wa mafirizi anagulitsa mpaka kutha. Matimu awiri omwe amayenera kusewera anagwirizana kuti mpira udikire. Anthu anali kukangana kale, ena akuti thumba lituluka kutsogolo ngati chibaluni, ena akuti galimotoyo iphulika yonse.

Tinamuimika Brenda pakati pa bwalo. Mchenga unachuluka mwendo umodzi, ndiye m'malo moima chilili anapendekera kumanzere. Ndinayesa kumuwongola, anapendekeranso. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione bwino, ndinazindikira chomwe ndachita. Jekete lofiirira, chipewa, phewa limodzi lotsika: aliyense wa ku Machinjiri akanalumbira kuti waimayo ndi a Laurenti. Ena anayamba kuseka chamumtima, akugwirana zigongono.

Amalume anafika ndi mpando wawo, nauika m'mbali mwa bwalo, nakhala ndodo ili pamiyendo. Anamuyang'ana Brenda nthawi yaitali.

"Petronela, jekete limenelo ndi langa."

"Linali pafupi, amalume."

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinangoona dzanja lawo likusisita bondo lakumanzere.

Maziko anakaimika galimoto kugolo lakumtunda. Anali atatifotokozera kuti thumba silituluka galimoto ikamakwawa, imafunika liwiro ngati la m'tauni, ndiye anthu tinawakankhira kutali. Olive anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. Ine ndinakweza chitenje m'mwamba n'kuchitsitsa, monga tinapanganirana.

Galimoto inanyamuka. Fumbi linakwera kumbuyo kwake, anthu anayamba kukuwa, ana anatseka makutu. Inabwera molunjika bwinobwino, ikukulirakulira, ndipo ine ndinali nditayamba kale kumutsanzika Brenda mumtima. Kenako tinamva mabuleki. Matayala anakhwekhwereza dothi, galimoto inagwedera n'kuima, bampala itatsala pang'onong'ono kukhudza buluku. Mphepo yake yokha ndiyo inagwetsa chipewa. Brenda anangoima chopendekera pomwepo, fumbi likumutsikira pamapewa.

Anthu anakhumudwa, ndipo sanabise. "Mulibe thumba mmenemo," wina anakuwa. Wina anati mnyamatayo ndi wamantha, wina anati abweze nthawi yathu. Ine ndinalusa moti mawu anandithawa, chomwe sichichitikachitika.

Maziko anatsika. Anatola chipewa, nachikuntha fumbi, nachibwezera pamutu pa Brenda. Kenako anayenda kudutsa bwalo lonse anthu akumuwowoza, mpaka kukanjuta patsogolo pa amalume.

"Bambo, ndalephera," anatero. Tonse apafupi tinamva. "Phazi langa lakana lokha nditaona munthu kutsogolo, ngakhale ndikudziwa kuti ndi chidole. Komanso usiku wonse ndakhala ndikuganiza. Thumba lija lilimo, koma si langa, ndipo si lanu. M'mawa uliwonse ndimadutsa pa Chinseu ana akuthamangira kusukulu, amayi atasenza madengu. Ine ndi munthu, tsiku lina ndikhoza kulakwitsa. Ndikalitaya lero pa chidole, tsiku limenelo mutu wa munthuyo udzapeza galasi. Olive ndimamufuna, Mulungu akudziwa. Koma ngati njira yake ndi imeneyi, basi nditchuleni wabodza."

Amalume anaimirira ndi ndodo yawo, napita kwa Brenda, namuvula jekete pang'onopang'ono ngati akuvula wodwala, nalikoleka pamkono. Ananyamula mpando n'kulunjika kwawo osatembenuka. Mpira unayamba, anthu anatiiwala.

Pobwerera ku Ndirande, Brenda atagona kumpando wakumbuyo pamiyendo pa Olive, ndinamutsuka Maziko njira yonse. Ndinamufunsa ngati mwana wa pa Chinseu yemwe sanamugunde n'komwe ndiye adzamuphikire. Ndinati anthu amataya ng'ombe chifukwa cha mkazi, iye wakanika kutaya thumba la mphepo. Ndinati ngati amadziwa kuti sagunda akanatiuza, tisanasenze mchenga ngati omanga nyumba. Iye anangoti, "Pepani alamu," maso ali pamsewu, n'kuimanso kuti mayi wina wa nkhuni awoloke. Zimenezo zinandiwonjezera mkwiyo.

Chomwe chinandidabwitsa ndi Olive. Analira, inde, koma titafika anandiuza kuti tsopano ndiye wamukonda kuposa kale, ndipo ngati amalume akana, iye akhala mbeta mpaka imvi. Ndinati chabwino, nonse awiri ndinu amisala, mukuyenerana.

Lamulungu kunali chete. Kutchalitchi sindinamve ngakhale mutu wa ulaliki.

Lolemba m'mawa ndikutsegula shopu, ndinamva kugogoda kwa ndodo pakhonde. Amalume, fumbi m'maondo monga mwa masiku onse, jekete lofiirira pamkono, m'khwapa muli phukusi la pepala. Anamuyang'ana Brenda, yemwe ndinali nditamubwezera diresi lake, n'kumugwedezera mutu ngati mnzawo wakale. Phukusi analiika pamakina.

"Undiyeze," anatero.

Nditamasula ndinapeza nsalu ya suti yabuluu wakuda, yatsopano.

"Suti ya chiyani, amalume? Kuli maliro?"

"Pakamwa pako Petronela. Ukufuna ndikaime pachinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ndi jekete lomwe lavalidwa ndi chidole?"

Ndinatenga tepi, mapini ndinaluma pakamwa, ndinayamba ndi mapewa. Koma ine kukhala chete sindimatha, ndiye ndinalavula mapiniwo m'dzanja.

"Komatu thumba simunalione."

"Sindinalione."

"Munati mulione ndi maso anu."

"Ndinatero."

Anakweza manja kuti ndizunguze tepi pachifuwa. Anayang'ana kunja, komwe maminibasi ankalimbirana okwera, mahutala ali pakamwa.

"Tsiku lija ku Makata ndinavala jekete limeneli," anatero. "Ndi chifukwa chake m'kati munang'ambika, ndipo ndi chifukwa chake sindinkakufulumizitsa kusoka. Loweruka lija nditakhala pampando, ndinadziona ndekha nditaima pamsewu, galimoto ikubwera. Ndinadziwa chomwe chichitike, poti ndinachionapo. Ndiye inaima." Analoza jeketelo. "Zaka zonsezi m'tauni muno, mwanawe, sindinaonepo galimoto ikuimira jekete limeneli."

Tepi inali pachifuwa pawo, ndiye ndinamva mmene mpweya unkakanira kutuluka. Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ngati mwana, manambala a patepi osaoneka.

"Wabodza akanagunda," anapitiriza. "Thumba likanapanda kutuluka akanati mchenga unachepa. Uyu wasunga chinthu cha munthu yemwe sakumudziwa, n'kulolera kutaya chake. Olive akamusungadi." Kenako anandiyang'ana. "Pukuta m'maso, ungandibaye ndi mapini."

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unatsatira. Suti inawakhala bwino moti amayi a kumpingo anayamba kufunsana ngati a Laurenti alidi okha. Koma musaganize kuti anakwera galimoto. Tsiku la ukwati, potuluka m'tchalitchi kupita kuholo, anakana mpando wakutsogolo womwe anawasungira. Anati iwo atsogola wapansi. Ndiye anthu a ku Machinjiri anaona zomwe sanaonepo: mkulu wa suti yabuluu akutsimphina pakati pa msewu ndi ndodo yake, kumbuyo kwake galimoto ya maliboni ikukwawa, akwati ali m'kati, ndipo kumbuyo kwa iyo mzere wa magalimoto ena onse, palibe ndi mmodzi yemwe woliza hutala. Tinafika mpunga utazizira, ndipo ophika anandikalipira ine ngati ndine ndinayendetsa.

Masiku ano amalume ndiwo asanduka mlaliki wa thumba lija. Akakhala pansi pa mtengo wa mapeyala ndi anzawo, amafotokoza za tizida ta kubampala ndi za mutu wogwera paboneti ngati anapanga ndi iwo, ndipo wotsutsa amamuloza ndi ndodo. Tsiku lina ndili pomwepo, mkulu wina wamakani ngati iwo omwe anawafunsa kuti, "Koma a Laurenti, inuyo thumbalo munaliona?"

"Ayi," anayankha amalume. "Ndipo m'mawa uliwonse ndimapemphera kuti mkamwini wanga adzakalambe nalo lili chipindire."